Pamene Tepi Inathera

Amati tinachita kukonza.
Anyamata a ku yunivesite amabwera ndi timabuku tawo
kudzandifunsa ine, Glenys Thackray, wa mawondo olira,
kuti ndani anaganiza zodula nyimbo ija pakati pa liwu.
Ndimawathirira tiyi.
Ndimawauza za firiji.

Munali mu Febuluwale, ku Hull, kuseri kwa doko.
Situdiyo yathu kale inali mosungira nsomba,
fungo linali lisanasamuke m'makoma,
ndipo chipinda chinacho bambo Stathers anali ndi chifiriji chawo
chong'ung'udza usana ndi usiku.
Tinawapempha achizimitse maola awiri okha.
Anati, nsomba zanga zikawola mudzandilipira ndi gitala?

Ndiye Clive Osgerby anagwada, khutu pakhoma,
napotokola nsambo yaikulu pang'onopang'ono
mpaka gitala ndi firiji zinalira liwu limodzi.
Mkokomo mumaumva pansi pa nyimbowo,
umene ophunzira alemba kuti ndi kubuula kwa nyanja,
ndi injini yoziziritsa nsomba za eni ake.

Mawu anali a Noreen Blanchard.
Bambo ake anakwera sitima ya asodzi yopita kumadzi a ayezi
ndipo chimene chinabwerako ndi dzina la sitimayo, pa wailesi.
Analemba nyimboyo kumbuyo kwa kalata ya kampani,
kalata yonena pepani m'mizere itatu.
Sanafune kukuwa.
Ankayimba chapansipansi, ngati akuwerenga mitengo ya zinthu m'sitolo,
gitala ya Clive n'kumakalipa m'malo mwake.

Ndalama zinalipo za tepi imodzi basi;
mayi a Dougie Fewlass anagulitsa makina awo osokera.
Ulendo woyamba ndodo ya Dougie inathyokera pang'oma.
Wachiwiri Noreen anaiwala ndime, natukwana, natuluka kukasuta.
Sindinabweze tepi kuti ndifufute.
Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi,
makinawo ndinkawaopa ngati galu wa eni.

Wachitatu
palibe anayang'ana mnzake.
Zala za Dougie zinang'ambika ndi chisanu,
timadontho ta magazi pachikopa cha ng'oma, iye osasiya.
Mpweya wa m'kamwa mwa Noreen unkaoneka pa maikolofoni.
Ine maso anali pagudumu la tepi likuwonda,
likuwonderawondera.
Ndinakweza dzanja kuseri kwa galasi, palibe anandiona.
Noreen anakoka mpweya kuti atchule dzina la bambo ake,
mchira wa tepi n'kuti pha, pha, pha,
kumenya chitsulo.

Ndinalira, ndinadziwa kuti ntchito yandithera.
Noreen anamvetsera kawiri, chikhoti chili m'mapewa.
Anati, isiye choncho.
Nawonso anathera pomwepo.

Zimbale zinali mazana asanu,
zikuto zake tinamata ndi manja patebulo la kukhitchini.
Muulutsi wina wa pakati pa usiku anaiyika,
nayesa kuti makina ake afa,
naiyikanso, mafoni n'kuyamba kulira.
Posakhalitsa ana a m'magalaja, m'mizinda imene sindinapondemo,
anayamba kudula dala nyimbo zawo zisanathe.
Ena amagula timabokosi todula
totsanzira kulira kwa firiji ya bambo Stathers,
munthu amene anamwalira osaimvako nyimboyo mpaka kumapeto,
ngati ili nako kumapeto.

Nyumba ija anaigwetsa, pano amaimikapo magalimoto.
Clive tinamuika chaka chatha, kukugwa mvula ya mbali.
Noreen amagulitsa maluwa, ndipo wailesi ikaiyamba amatsitsa.

Anyamata aja, asanatseke timabuku tawo, amafunsa:
nanga liwu lomaliza linali lotani?
Tinalimva anthu anayi, tepi itatha kale.
Ndimawawonjezera tiyi.

Koma usiku, firiji yanga ikadzidzimuka n'kuyamba kung'ung'udza,
ndimakhala tsonga pabedi
kudikira gitala.